Besi Molunjika mu Mikisa Popanda Ampu: Ikafooka, Ikang'ung'udza Kapena Ikangoti Zii

Ampu ya besi ndi katundu wovuta kuyenda naye. Kuichotsa ku Matero kupita nayo ku ukwati wa ku Chilenje kumafuna galimoto, ndipo kondakitala wa minibasi akangoona chibokosicho amayamba kuwerengera mipando iwiri. Mtengo wake nawonso si wamasewera. N'chifukwa chake magulu ambiri oimba muno mu Lusaka, makamaka a m'matchalitchi osonkhana m'makalasi a sukulu ndi m'matenti, amadutsa chidule: nthambo ichoke ku besi, ikalowe mu mikisa, basi. Zimatheka ndithu, ndipo si njira ya osowa okha. Ku Motown, mumzinda wa Detroit, m'zaka za m'ma 1960, besi ya James Jamerson inkajambulidwa molunjika, osaika maiki kutsogolo kwa sipika. Kungoti pakati pa gitala yake ndi makina ojambulira panali chida chokonza mphamvu ya mawuwo asanalowe, ndipo chida chotere n'chimene chimasowa pa masiteji athu ambiri.

Madandaulo ake sasintha. Besi ikumveka ngati ili m'chipinda china, kapena pali kung'ung'udza kosalekeza, kapena mawu akusweka woimba akamenya nsambo mwamphamvu, kapena holo yonse ikuimva koma mwiniwake ayi. Woimba ng'oma amafuula kuti, "Ba sound, besi siikumveka, kwezaniko!" ndipo ba sound amapotokola gain, nobu yokweza mphamvu ya mawu olowa mu mikisa, mpaka kumapeto. Kukweza gain sikuchiza ngakhale limodzi mwa mavutowa. Kumangokweza vutolo kuti aliyense alimve bwino.

Besi yanu ili ndi batire?

Yambirani apa musanakhudze mikisa. Tembenuzani gitala. Ngati kumbuyo kuli kachitseko ka batire ya 9V, kapena batire yabisika pansi pa chivindikiro cha masikuluwu, besiyo ndi ya active. M'kati mwake muli kapreamp komwe kamatulutsa mawu amphamvu, osagonja msanga. Yotere mukhoza kuilowetsa pa bowo la LINE ndi nthambo yaifupi ndipo imamveka bwinobwino. Ngati ilibe batire, monga Precision Bass ndi Jazz Bass za Fender zachikale, komanso zambiri zotengera pa ziwirizi zomwe zimagulitsidwa m'mashopu a m'tauni, ndi ya passive, ndipo nkhani yaikulu ili pa imeneyi.

Pickup ya passive ndi waya woonda ngati tsitsi wokulungidwa kambirimbiri pa maginito. Nsambo ikanjenjemera imapanga timagetsi tochepa zedi, ndipo ilibe mphamvu yokankha katundu wolemera. Inapangidwa kuti ikumane ndi khomo la impedance yaikulu, ndiye kuti losakoka magetsi ambiri, la pafupifupi 1 megaohm, ndipo ampu ya besi imapereka zimenezo. Bowo la LINE pa mikisa zambiri lili cha m'ma 10 kilo-ohm, pomwe la MIC lili pansi kwambiri, cha m'ma 2 kapena 3 kilo-ohm. Nambala ikachepa ndiye kuti khomolo likukoka magetsi ochuluka kuposa amene pickup ingakwanitse. Zili ngati mpopi wa m'komboni mwezi wa Okutobala: potunga ndi kachigubu madzi amatuluka ndithu, koma mukamangirirapo chipaipi chachikulu amangodontha. Ndipo mawu safa onse mofanana. Oyamba kufa ndi apamwamba, aja amene amachititsa kuti noti iliyonse imveke payokha. Chotsala ndi kagunda wofooka, wosadziwika kuti ndi G kapena A. Mukakweza gain kuti mubweze mphamvu, mumakwezera limodzi ndi kusiii kwa mikisa, koma mawu apamwamba aja sabwerera chifukwa sanafike n'komwe.

Chizindikiro china cha vutoli ndi nobu ya voliyumu ya pa besipo. Mukaibweza pang'ono chabe mawu amagweratu, ngati kuti ili ndi malo awiri okha, kuyatsa ndi kuzimitsa.

Mankhwala oyamba ndi aulere. Yang'anitsitsani matchanelo a mikisa yanu ngati pali batani lolembedwa HI-Z kapena INST, kapena kachithunzi ka gitala. Mackie ProFXv3 ili nalo pa tchanelo 1 ndi 2, Behringer XR18 ili ndi mabowo a HI-Z pa 1 ndi 2, ndipo Allen & Heath ZED-10 ili ndi mabowo awiri opangira gitala. Lowetsani besi pamenepo, dinani batani ngati lilipo, vuto latha. Ndaonapo mikisa yotere ikugwira ntchito sabata ndi sabata, maiki a otsogolera nyimbo atakhala pa matchanelo awiri oyambawo poti ndi anthu olemekezeka, besi itaponyedwa ku tchanelo chomaliza cha stereo chopanda ngakhale nobu ya gain. Sunthani maiki. Maiki amamveka chimodzimodzi pa tchanelo chilichonse cha XLR, bowo la mapini atatu lija, pomwe besi ili ndi khomo limodzi kapena awiri okha.

Ngati mikisa ilibe HI-Z, funsani woimba gitala inayo ngati ali ndi pedo yopuma. Mapedo a Boss, kuphatikizapo tyuna ya TU-3, ali ndi kachida kolimbitsa mawu kotchedwa buffer, komwe kamagwira ntchito ngakhale pedoyo isanapondedwe, bola muli batire kapena adaputala. Amalandira besi pa 1 megaohm n'kuitulutsa pa impedance yaing'ono. Besi ilowe mu pedo, pedo ilowe pa LINE. Bokosi la ma effect monga Zoom B1 Four limachitanso chimodzimodzi. Njirayi ndi yabwino mikisa ikakhala pafupi ndi oimba. Ikakhala kumbuyo kwa holo, muyenera DI.

DI box

Kabokosi kameneka kamachita ntchito ziwiri. Kamalandira besi pa impedance yaikulu kuti pickup isalemedwe, kenako kamatulutsa mawu a balanced pa XLR, omwe angayende mamita ambirimbiri osatola phokoso m'njira. Nthambo wamba ya gitala siyenera kupitirira mamita 5 kapena 6. Ikatalika imadya mawu apamwamba ndipo imasanduka mlongoti wotola phokoso lililonse la m'nyumbamo. Choncho DI ikhale pansi pafupi ndi mapazi a woimba, nthambo ya jeki ikhale yaifupi, ndipo mtunda wonse wotsala uyendedwe ndi XLR mpaka pa bowo la MIC. Kuika DI pambali pa mikisa, jeki ya mamita 20 itadutsa pakati pa mipando, ndi kutaya ndalama.

DI zilipo za mitundu iwiri. Ya passive ili ndi thiransifoma m'kati ndipo sifuna magetsi. Ya active imafuna magetsi a 48V, otchedwa phantom, ochokera ku mikisa, ndipo zina zimalola batire ya 9V. Akadaulo ali ndi kalamulo kawo: besi ya passive ipite pa DI ya active, besi ya active ipite pa DI ya passive. Kalamuloka kali ndi nzeru, chifukwa DI ya active nthawi zambiri imakhala ndi impedance yokwera kuposa ya thiransifoma. Koma musakane DI ya passive poti besi yanu ilibe batire. Ngakhale yotero ndi yabwino kutalitali kuposa kulowa pa LINE chabe. Radial JDI, BSS AR-133 ndi Countryman Type 85 ndi mayina omwe mudzawamve kwa odziwa, koma Behringer DI100 yotchipa ija imagwira ntchito ya Lamlungu popanda chodandaula. Kwa ine, gulu lomwe likusonkha ndalama za sipika yachitatu pomwe lilibe DI ngakhale imodzi layambira kumchira.

Chinthu chimodzi chokha ndikuletseni: nthambo ija yomwe mbali imodzi ndi jeki, mbali ina XLR. Imaoneka ngati yankho, ndipo amisiri a m'misika amakulumikizirani msangamsanga. Sisintha impedance ngakhale pang'ono, ndipo imalowetsa besi pa khomo loipitsitsa, la MIC. Choopsa china n'chakuti mikisa zing'onozing'ono zambiri zili ndi batani limodzi la 48V la matchanelo onse. Wina akaliyatsa chifukwa cha maiki a condenser a kwaya, magetsiwo amakwera ndi nthambo ija mpaka mu besi, ndipo akhoza kuwononga preamp ya besi ya active.

Kung'ung'udza ndi kusosola

Malaiti athu ndi a 230V pa 50 Hz, ndiye kung'ung'udza kolemera komwe mumamva ndi 50 Hz imeneyo pamodzi ndi ana ake, 100 ndi 150. Kusosola kwakuthwa kumabwera kawirikawiri ndi magetsi a LED a pa siteji, ma dimmer, matchaja a laputopu ndi a foni, ndi ma inveta otchipa. Osayamba ndi kumasula zinthu. Yesani ndi manja anu, motsatana.

Tsitsani voliyumu ya pa besi mpaka ziro. Phokoso likatha, likulowera pa pickup kapena mawaya a m'kati mwa gitala. Likapitirira, lili mu nthambo, mu DI kapena mu mikisa. Sinthani nthambo kaye, ndipo imene mwachotsayo muimasule kumutu muone. Nthambo ya gitala ili ndi waya mmodzi pakati, wozunguliridwa ndi ukonde wa timawaya. Ya sipika ili ndi mawaya awiri ofanana, onenepa, opanda ukonde. Kunja zimafanana, jeki yake ndi imodzi, ndipo m'thumba la nthambo la tchalitchi zimagonera limodzi. Ya sipika ikalowa mu besi imang'ung'udza ngakhale mutagula DI yodula bwanji. Ikulungeni tepi yofiira kuti isabwererenso.

Ngati phokoso likuchokera ku gitala, bwezani voliyumu ndipo muzungulire pang'onopang'ono pomwe mwaimapo. Likamakwera ndi kutsika malinga ndi komwe mwayang'ana, pickup ikutola maginito a chinthu china chapafupi, kaya thiransifoma ya power amp, kaya stabilaiza, kaya bokosi la mita lomwe lili kuseri kwa khoma. Sunthani mamita awiri. Pa besi ya mtundu wa Jazz pali chinsinsi china: ma pickup ake awiri ndi a single coil, ndipo amafafanizirana phokoso mavoliyumu onse awiri akakhala ofanana. Mukatsitsa imodzi kuti mupeze kamawu kakuthwa ka rumba, phokoso limabwera, ndipo sikuti gitala yawonongeka. Pickup yogawika pawiri ya Precision, yomwe Fender anayamba kuika mu 1957, ilibe khalidwe limeneli.

Kenako gwirani nsambo. Phokoso likachepa mukagwira, zili bwino, mawaya ali m'malo mwake, kungoti m'mabowo a gitala mulibe chotchinga chokwanira, ndipo tepi ya kopa yomatidwa m'katimo n'kulumikizidwa ku ground, njira yotayira phokoso, imathandiza. Likapanda kusintha mukagwira nsambo, koma n'kuchepa mukagwira chitsulo cha jeki, kawaya kochokera pansi pa bridge, chitsulo chomwe nsambo zamangiridwapo, kaduka kapena kachita dzimbiri. Likakwera mukagwira nsambo, wina anawotcherera mawaya a jeki mosemphanitsa. Zimenezi zimachitika kwambiri nati ya jeki ikamasuka: jeki imazungulira, mawaya amapotana mpaka kuduka, ndipo wokonza mothamanga amawabwezera molakwika. Mangani natiyo mutagwira jeki m'kati kuti isazungulire.

Pa batani la GROUND LIFT pali chisokonezo chachikulu. Anthu anamva kuti limachotsa phokoso, ndiye amalisiya pa LIFT mpaka kalekale. Ntchito yake ndi kudula pini 1 ya XLR pamene zida ziwiri zolumikizidwa ku masoketi osiyana zapanga njira ziwiri za ground. Koma ngati mulibe ampu, besi ikungopita ku DI n'kupita ku mikisa, njira ya ground ndi imodzi yokha, ndiyo pini 1 yomweyo. Mukaidula pa DI ya passive, besi imatsala yolendewera ndipo phokoso limakula. Siyani pa GND. LIFT muiyese pokhapokha mwalumikiza chinthu china cha magetsi ake, monga sipika ya powered pa THRU, bowo la pa DI lopititsa mawu a besi ku chida china.

Foni ichoke m'thumba la kutsogolo. Kaphokoso kodukizaduka kaja komwe kamamveka foni isanalire kamalowera pa pickup.

Mawu akusweka, kapena kulibiretu

Besi ya active ikayamba kukhosomola, makamaka pa nsambo ya E, ganizirani batire musanaganize china chilichonse. Batire ikamatha mawu sachepa kaye, amayamba ndi kusweka. Pa besi zambiri jeki ndiyo switchi: mukasiya nthambo ili chilowere, batire ikudyeka ngakhale palibe akuimba, ndipo besi yosiyidwa choncho mu vestry kuyambira Lamlungu ikhoza kudzakuchititsani manyazi pa overnight. Gulani ya alkaline, ndipo ina izikhala m'thumba la gitala. Chifukwa chomwecho, besi ya active imafuna jeki ya mono, ya mzere umodzi wakuda kumutu. Ya mizere iwiri ikhoza kulephera kuyatsa preamp, n'kumaoneka ngati gitala yafa.

Batire ikakhala yabwino, ndiye kuti mawu akulowa mopyola muyeso. Dinani PFL kapena SOLO pa tchanelo cha besi kuti mita ionetse mphamvu ya besi yokha, muuze woimba amenye monga adzamenyere nyimbo ikafika pachimake, osati kusisita nsambo mwaulemu monga amachitira pa soundcheck. Ikani gain moti mita izisewera cha pa 0, nyali ya PEAK isayake. Ikayakabe gain ili pansi, dinani PAD, batani lochepetsa mphamvu ya mawu olowa, pa DI kapena pa mikisa. Mukamaliza gain muisiye, zokweza ndi kutsitsa zonse zichitikire pa fader, chokankha cha voliyumu ya tchanelo.

Kukakhala zii, onani zinthu zopusa kaye. Jeki yalowa pa INSERT m'malo mwa LINE, poti mabowo awiriwa amakhala moyandikana. DI ya active ilibe 48V. Tchanelo chili pa MUTE, kapena batani lotumiza ku MAIN silinadinidwe. Kuthetheka mukapotokola nobu ya pa besi ndi fumbi la Ogasiti ndi Seputembala, ndipo contact cleaner imachotsa.

Zonse zalumikizidwa bwino koma besi ilibe thupi

Pafupi ndi nobu ya gain pamakhala kabatani ka LOW CUT kapena HPF, kolembedwa 75, 80 kapena 100. Kamadula mawu a pansi pa nambala imeneyo, ndipo n'kabwino pa maiki. Koma nsambo ya E ili pa 41 Hz, A pa 55, D pa 73, G pa 98, ndipo B ya besi ya nsambo zisanu ili cha pa 31. Ndiye kuti kabatani ka 80 Hz kamachepetsa tsinde la nsambo zitatu mwa zinayi. Ngati muli ndi sub, sipika ya mawu apansi okhaokha, kazimitseni pa tchanelo cha besi.

Ngati mulibe sub, nkhani imasintha. Masipika awiri a mainchesi 10 kapena 12 okwezedwa pa mitengo sangatulutse 41 Hz yomveka, ndipo mukawakakamiza pokweza nobu ya LOW amangogwedezeka, nyali ya limiter yotetezera sipika imayaka, mawu a oimba amaphimbika, ndipo tsiku lina sipika imanunkha kupsa. Pamenepo ndi bwino kuvomereza. Khutu la munthu limazindikira noti ya pansi kuchokera ku mawu ake apakati, ndiye besi yomveka pa masipika ang'onoang'ono imapezeka cha pa 700 mpaka 1000 Hz. Ngati nobu ya MID ili ndi inzake yosankhira frequency, kwezani pang'ono pamenepo, ndipo matope a pakati pa 200 ndi 300 Hz muwachepetse ngati njira ilipo. Pa Behringer Xenyx ndi Yamaha MG zing'onozing'ono, MID inakhomeredwa pa 2.5 kHz, komwe kuli kulira kwa zala ndi mafreti, ndiye musaikweze kwambiri. M'tchalitchi cha malata ndi simenti, momwe mawu apansi amazungulira osatha, LOW yocheperapo imapangitsa besi kumveka yaikulu kuposa yochuluka. Pa kalindula ndi rumba izi n'zofunika zedi, paja besi yake imathamanga ndipo ndi imene yanyamula nyimbo. Manoti akaphatikana, ovina amasokonezeka.

Ena amadandaula zosiyana: DI yabwera, koma tsopano besi ikumveka yazitsulo, kukwekwesa kwa zala konse kuli poyera. Sipika ya ampu ya besi yopanda tweeter, kasipika ka mawu apamwamba, imabisa mawu apamwamba kwambiri, pomwe sipika ya PA, ya m'holo ija, ili ndi horn yomwe imaulula zonse. Bwezani nobu ya tone pa besi kufika theka, kapena tsitsani HIGH pa mikisa. Nobu ya COMP, ngati ilipo, ipotokoleni pang'ono kuti manoti afanane mphamvu. Amene ali ndi ndalama angagule preamp ngati SansAmp Bass Driver DI ya Tech 21, yomwe ndi DI komanso imatsanzira kamvekedwe ka ampu.

Woimba sakudzimva

Ampu inali ndi ntchito yachiwiri yomwe timaiwala: inali khutu la woimba besi ndi woimba ng'oma. Ikachoka, iwo aima kumbuyo kwa masipika akuluakulu ndipo akumva kagunda kobwerera kuchokera ku khoma, kochedwa. Woimba amayamba kukoka nsambo mwaukali, zala zimatuluka matuza, mawu amasweka. Mpatseni monitor, sipika yoyang'ana kwa iye, kudzera pa AUX ya pa mikisa yoikidwa pa PRE, kuti fader ikatsitsidwa m'holo iye asatayike. Mu monitor musathiremo mawu apansi ambiri, apakati ndiwo amamuthandiza kumva noti. Kaampu ka mahedifoni kotengera ku AUX yomweyo n'kotchipa kuposa monitor ndipo sikawonjezera phokoso pa siteji. Musakalumikize pa THRU ya DI ngati besi ndi ya passive, chifukwa bowo limenelo nthawi zambiri limangogawana waya ndi INPUT, ndipo mudzabwezeretsa vuto la impedance lija.

Jenseti ndi shoko

Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba, malo ambiri anayamba kudalira jenseti ndi inveta. Manoti apansi ndiwo amadya mphamvu zambiri mu PA. Jenseti ikachepa mudzaona mababu akuphethira motsatira besi, ndipo mikisa ya digito ikhoza kuzima n'kuyambanso pakati pa nyimbo. Chotsani ketulo, firiji ndi zophikira pa mzere wa zoimbira, ndipo zida zonse za sound zitenge magetsi pa gwero limodzi.

Nsambo za besi n'zolumikizidwa ku ground ya zida zanu kudzera pa bridge ndi nthambo. Mukamva kuluma pa mlomo mukayandikira maiki mutagwira nsambo, imitsani zonse pomwepo. Zikutanthauza kuti chida china chilibe earth, kapena soketi inalumikizidwa molakwika. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maiki omwe anali ndi magetsi. Pini yaitali ija pa pulagi ya mapini atatu isathyoledwe pofuna kuthetsa phokoso, ndipo ekisitenshoni ya mawaya awiri okha isalowe pa siteji ngakhale soketi zake zili ndi mabowo atatu. GROUND LIFT ya pa DI imadula ground ya mawu yokha, sikhudza earth ya malaiti. Itanani wamagetsi ayeze masoketi a holo ndi earth ya jenseti musanalumikizenso chilichonse.